Dzanja la Deliwe

Pa doko loyang'anana ndi chilumba cha Mbenji, ku Salima, panalibe mkazi wa msodzi amene sanakhalepo pakhonde pa Deliwe. Ena ankabwera ndi mwana kumsana, ena ndi kambale ka usipa koti asiye pochoka, koma onse ankabwera ndi mawu amene iwo eni sakanatha kuwaika papepala. Ku Mbenji akazi saponda. Amuna akawoloka, ambiri ankakhala komweko miyezi, ndipo nkhani za kunyumba zinkawapeza m'makalata opindidwa kanayi, okulungidwa mu pulasitiki kuti asanyowe m'boti. Pafupifupi makalata onsewo anali a dzanja limodzi.

Deliwe anali mwana wa ogulitsa nsomba zouma. Sukulu analekezera Sitandade 8. Mayeso anakhoza, koma bambo ake anasankha kuti mchimwene wake ndiye apitirire. Chimene iye anatuluka nacho kusukulu ndi dzanja. Mphunzitsi wina wochokera ku Ntcheu, wokonda kumenya zala ndi rula, anamuphunzitsa zilembo zolumikiza, zopendekera kumanja ngati bango pamphepo, ndipo Deliwe anazigwira kuposa mwini wakeyo.

Komatu ntchito yake yeniyeni inali ya khutu. Mkazi ankafika ali wefuwefu, chitenje chili pakhosi, n'kuyamba: “Lemba kuti ndi galu! Ana akugona ndi njala, iye akudya kampango kuchilumbako. Lemba choncho!” Deliwe ankagwedeza mutu, bolopeni n'kumayenda pang'onopang'ono. Papepala pankatuluka mawu akuti: “Bambo a ana, ufa watsala kunsi kwa thumba, ndipo wamng'onoyu akufunsa za inu tsiku ndi tsiku.” Boti likamabwerera, linkabwera ndi nsomba ndi yankho. Powerenga yankholo, Deliwe ankadumpha mawu obaya, n'kuchedwa pa mawu abwino. Akazi ena ankadziwa kuti akudumpha, koma sankafunsa.

Motero anadziwa zambiri: mimba zosadziwika mwini, matenda amene anthu ankaopa kuwatchula zaka zija maliro anachuluka, akazi achiwiri a ku Nkhotakota. Palibe liwu limene linatsikapo pakhonde lake. Anthu ankati kumuuza Deliwe nkhani kunali ngati kuiponya pakati pa nyanja.

Anakwatiwa ndi Kenneth, msodzi wosalankhulalankhula, amenenso sankadziwa kuwerenga. Deliwe ankamulembera makalata ngati akazi ena onse, koma Kenneth sankalola kuti mwamuna mnzake amuwerengere mawu a mkazi wake. Ankawasunga m'chitini cha fodya, osatsegula, n'kudzabwera nawo kunyumba kuti mwini wake amuwerengere, nkhani zitapita kale. Anabereka mwana mmodzi, Mayamiko.

Mnzake wa Deliwe wa pamtima anali Rukiya. Anakulira limodzi, ankaitanana kuti “iwe” ngakhale atakhala amayi, wina wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti. Mwamuna wa Rukiya, Abbas, ankasodza ndi Kenneth bwato limodzi. Mu Juni 1999 mwera unawapeza m'mawa akubwerera, bwato n'kugudubuzika. Kenneth anapezeka masana atakumbatira chigubu. Abbas sanapezeke konse. “Nditatulutsa mutu m'madzi sindinamuonenso,” anatero Kenneth, ndipo sanawonjezerepo. Kalata yodziwitsa abale a Abbas ku Mangochi analemba ndi Deliwe. Chinkamupweteka kwambiri Rukiya n'chakuti panalibe thupi loti lisambitsidwe, panalibe pemphero la janaza, panalibe manda. Kuyambira chaka chimenecho, Kenneth akapha nsomba, gawo lina linkapita kunyumba kwa Rukiya. Anthu ankamutama.

Kenako kunabwera mafoni.

Poyamba Deliwe sanaone choopsa. Akazi ankabwerabe, tsopano ndi kafoni m'manja, kuti awawerengere uthenga. Chinkamunyansa n'chakuti mauthengawo analibe moni, analibe mutu, mawu odulidwa ngati nsomba zodyedwa ndi nkhanu. Koma atafika mafoni ogwira pagalasi, oti munthu n'kungodina n'kulankhula, khonde lake linaphwa ngati dambo mu Okutobala. Ankawaona akazi omwe aja ataima pathandala la usipa, foni pakamwa, akukalipa. Galu ankawoloka nyanja ali galu yemweyo, akadali wotentha, ndipo yankho linkabwera lotentha kuposa pamenepo dzuwa lisanasunthe. Maukwati angapo amene iye anawagwirizira ndi bolopeni kwa zaka zambiri anatha pa mlungu umodzi.

Sanadandaule kwa munthu. Anayamba kukapikula mpunga ku Chinguluwe n'kumagulitsa pamsika wa padoko. Mumtima ankangoti kale pakati pa mkwiyo ndi khutu la mwamuna panali ulendo: kuyenda mpaka pakhonde, kukhala pansi, kudikira kuti mawu alembedwe, kudikira boti. Mkwiyo unkafika utatopa. Tsopano ulendowo anthu anauchotsa, n'kumati atukuka.

Mayamiko anapita ku Joni mu 2016, kukatsuka magalimoto. Chaka chotsatira anatumizira mayi ake foni. Deliwe anaiphunzira msanga, ndipo ankamulembera mwana wake uthenga wathunthu, woyamba ndi moni, wotsatira nkhani za mvula, za bambo ake, za amene amwalira, wotsiriza ndi dzina. Yankho linkangokhala kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Tsiku lina Mayamiko anatumiza mawu akuseka: “Amayi, inu mumalemba ngati nyuzipepala. Ingodinani apo mulankhule, nthawi kuno ndi yochepa.”

Mu 2021 Kenneth anadwala. Mimba inatupa, maso anachita chikasu, ndipo a kuchipatala anamubweza kunyumba ndi mapilisi ochepetsa ululu. M'mawa wina ali gone pamphasa, pansi pa mtengo wa mango, anaitana mkazi wake.

“Amake Mayamiko, tengani kope ndi bolopeni. Ndikufuna kulembera mwana.”

“Ndimuimbire mulankhule naye?”

“Ayi. Mawu a pafoni amauluka. Koma inetu ndimakudziwani. Musakometse. Mulembe momwe ndikunenera.”

Analemba masiku anayi, m'mawa mokhamokha, mphamvu zikadalipo. Kenneth, munthu amene moyo wake wonse sanalankhulepo mawu okwana tsamba limodzi, anadzaza masamba khumi ndi awiri. Anakamba za ubwana wake, za bambo ake amene anamuphunzitsa kuona mphepo pamtambo, za tsiku limene Mayamiko anabadwa iye ali kuchilumba. Tsiku lachitatu, atafika pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, Kenneth anati:

“Lembani kuti Abbas ndinamuona. Bwato litagudubuzika, mafunde analitenga. Panali chigubu chimodzi chaching'ono, ndinachigwira ndine. Abbas ukonde unali utamukola mwendo. Anandigwira malaya, tonse tinayamba kumira. Ndinamuponda pachifuwa. Sanasiye. Ndinamupondanso. Anaitana dzina langa, kenako anatchula Mulungu m'mawu awo aja a kumzikiti, madzi n'kumutseka pakamwa.”

Bolopeni inali itaima. Deliwe anayang'ana mwamuna amene anagona naye mphasa imodzi zaka makumi atatu, n'kuona ngati mlendo.

“Bambo a Mayamiko, izi mukanauza abusa.”

“Abusa si mwana wanga. Mwanayo amanditama chifukwa cha nsomba zija. Adziwe munthu amene akumutamayo.”

“Nanga Rukiya?”

“Ndilibe maso omuyang'anira. Mwana akadzawerenga, inu ndi iye mudzaone chochita. Lembani.”

Kwa nthawi yoyamba chiyambire kugwira bolopeni, Deliwe analemba mawu a munthu momwe anatulukira, osachotsa ngakhale limodzi.

Kenneth anamwalira mu Ogasiti. Mayamiko sanabwere, mapepala ake anali atatha mphamvu, ndipo akanatuluka sakanalowanso. Maliro anaonera pafoni imene munthu wina anaikweza pamwamba pa mitu ya anthu kumanda. Masiku onse a maliro Rukiya anali pambali pa Deliwe, akumumwetsa phala, akumukonza mpango ukasunthika. Deliwe anaika kalata ija mu envulopu, n'kuibisa pansi pa zovala mu sutikesi. Kangapo anatsegula pakamwa kuti amuuze mnzake, koma ankadziuza kuti kalata ili ndi mwini wake, ndipo mwini wake sanaiwerenge. Mayamiko atamva kuti bambo ake anamusiyira mawu anati, “Jambulani munditumizire.” Deliwe anakana. “Iyi si ya pafoni. Udzaipeza.”

Anadzaipeza patatha zaka ziwiri, atabwera kudzamanga chiliza. Anafika wonenepa, wa nsapato zoyera, foni osaisiya m'manja ngakhale pakudya. Chiliza chitatha, mayi ake anamuitanira m'nyumba n'kumupatsa envulopu.

“Uwerenge wekha, utakhala pansi. Ukamaliza tikambirane.”

Mayamiko anatsegula pomwepo. Atawerenga tsamba loyamba misozi inalengeza, ndipo Deliwe anatuluka kuti amupatse mpata. Sanadziwe kuti posakhalitsa anzake a mnyamatayo anaimba kuti akumudikira ku Salima m'tauni. Mayamiko anayala masamba onse pabedi, anawajambula limodzilimodzi, n'kuwaika pa Fesibuku pamodzi ndi chithunzi cha bambo ake atanyamula chambo. Pamwamba analemba kuti: “Mawu otsiriza a madala anga, dzanja la amayi anga. Anthu akale ankalemba, abale!”

Masiku awiri anthu mazanamazana anaika timitima ndi tinkhope tolira. Anatama dzanjalo. Wina anati liyenera kusungidwa mu galasi. Palibe anawerenga. Tsiku lachitatu munthu wina, amene Deliwe sanamudziwe mpaka lero, anafika pa tsamba lachisanu ndi chiwiri. Anazunguliza mzere wofiira pa mawu aja n'kutumiza ku gulu la Watsapu la ogulitsa nsomba. Bambo winanso, pofuna kuti nawo osadziwa kuwerenga amve, anawerenga mokweza n'kutumiza mawu ake. Ankadodoma, injini ya boti ikulira kumbuyo, ndipo pomaliza analiza kakhweru.

Deliwe anaona chachilendo pamsika. Akazi amene ankaseka pafupi ndi thumba lake la mpunga anangoti zii atamuona. Wina amene ankamugula tsiku lililonse anadutsa osamupatsa moni. Atafika kunyumba anapeza Mayamiko atakhala pamwala, mutu uli pakati pa mawondo.

“Amayi, ndalakwitsa.”

Anamuonetsa foni. Deliwe anaona dzanja lake, zilembo zake zopendekera zija, zili mkati mwa mzere wofiira ngati nsomba m'khoka.

“Unawerenga?”

“Tsamba loyamba lokha. Zilembo zanu zolumikizazi zimandichedwetsa. Ndimati ndikawerenga bwino m'basi pobwerera.”

“Bambo ako analankhula masiku anayi, mimba ili ngati ng'oma. Iwe unalibe ola limodzi?”

“Ndafufuta, amayi. Ndafufuta zonse.”

“Wafufuta kuti? M'makutu mwa anthu wafikamo?”



Rukiya anabwera dzuwa lili pamutu. Iye nkhaniyo anaimva ali pathandala: anadina uthenga uja poyesa kuti ndi mitengo ya usipa wa tsikulo, n'kumva dzina la mwamuna wake likutuluka mu foni, anthu ali mbali zonse. Sanakwere pakhonde. Anaima pabwalo, manja ali kumbuyo.

“Amake Mayamiko, ndabwera kuti mundiwerengere kalata.”

Zaka makumi asanu akudziwana, anali asanamutchulepo kuti “inu”.

“Rukiya, takhala pansi.”

“Ndiima. Uja wawerenga pafoniyu amadodoma, ndipo amamveka ngati nkhaniyi ikumukomera. Ndikufuna ndimve kwa mwini dzanja. Ndipo musadumphe. Ndimadziwa kuti mumadumpha.”

Deliwe analowa m'nyumba, anatenga tsamba lija, n'kudzaima pakhomo. Anawerenga momwe ankawerengera kale, pang'onopang'ono, liwu lililonse pamalo pake. Atafika pamene Abbas anaitana, Rukiya anakweza dzanja.

“Bwerezani pamenepo.”

Anabwereza.

“Alhamdulillah,” anatero Rukiya chapansipansi. “Anapita atatchula Mulungu.” Anapukuta kumaso ndi nsonga ya mpango. “Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkadya nsomba za amuna anu, ine ndi ana anga. Ndinkawachitira dua, kuwapempherera. Koma iwowo ndiwasiye. Anali m'madzi, ndipo m'madzi munthu sakhala munthu. Nanga inu? Inu munali pamtunda. Zaka ziwiri mukudya nane mbale imodzi, mukudziwa.”

“Kalatayi inali ya mwana. Ndinkadikira kuti awerenge, kenako tibwere kwa iwe tonse.”

“Ndiye ine ndimve pathandala, pamodzi ndi ogula usipa.”



“Ndilibe manda oti ndikasese,” anatero Rukiya. “Ndipatseni tsambalo.”

Analilandira ndi manja awiri, ngakhale sakanatha kuwerengapo chilembo n'chimodzi chomwe. Analipinda, analiika mkati mwa bulauzi, n'kutembenuka. Patatha mwezi anasamukira kwa mwana wake wamkazi ku Chitala. Deliwe anamuimbira kawiri. Foni inkangolira.

Mayamiko ananyamuka mlungu usanathe, asanakwanitse masiku amene ananena. Posesa m'chipinda mwake, Deliwe anapeza envulopu ija pawindo, masamba khumi ndi limodzi ali momwemo. Atamufunsa, Mayamiko anayankha ndi mawu a pafoni kuti anaiwala chifukwa cha changu, adzawerenga akadzabweranso.

Chimene chinamudya kwambiri Deliwe si manyazi a mwamuna wake. Ndi akazi aja. Amene ankakhala pakhonde pake zaka zonse zija anayamba kumuyang'ana cham'mbali, aliyense akukumbukira zimene anamuuzapo. Mayi wina wachikulire, Maria, amene Deliwe anamubisira nkhani ya mwana wake woyamba kuyambira 1988, anabwera kudzafunsa monong'ona ngati ankasunga makope a makalata akale.

“Sindinasungepo, amayi. Kalata inkapita ndi boti.”

“Chabwino. Ndimangofunsa. Masiku ano zolembazi zikumatuluka.”

Padoko nkhaniyo inasintha maonekedwe. Ena ankati Deliwe ndiye anaika pa Fesibuku pobwezera mwamuna wake. Ena ankati Kenneth sakanalankhula mawu ambiri chotero, mkaziyo anapeka. Ena anawonjezera kuti amuna awiriwo ankalimbirana ukonde. Mawu a bambo wodziwa kuliza kakhweru uja anafika ku Lilongwe, anafika ku Joni, anabwereranso padoko atasanduka nkhani ya ku Nkhata Bay. Tsamba lachisanu ndi chitatu, pamene Kenneth anafotokoza kuti kuyambira tsiku lija sanasambenso m'nyanja koma m'ndowa, n'kupempha mwana wake kuti asadzamukhululukire msanga, palibe analitumiza kwa mnzake. Linalibe mzere wofiira.

Deliwe ankaganiza za makalata onse amene analemba, mwina zikwi zingapo. Iliyonse inali ndi munthu mmodzi woiyembekezera, amene ankaimva kawiri katatu n'kuisunga m'thumba mpaka itang'ambika m'mipindo. Iyi yokha inaonedwa ndi anthu ochuluka kuposa onse a padoko, ndipo panalibe mmodzi amene anaiwerenga kuyambira moni mpaka dzina.

Amayi a kutchalitchi atasowa mlembi wa gulu lawo, abusa anamupempha kuti agwire ntchitoyo, popeza dzanja ngati lake kulibe. Anakana. Anati maso ayamba kuvuta. Sikunali kunama kwenikweni, zilembo zing'onozing'ono zinali zitayamba kumusokonekera. Choncho chaka chatha, madokotala a maso atabwera kudzayeza anthu kwaulere pabwalo la sukulu, abusa omwewo anamukakamiza kuti apite.

Anaima pamzere theka la tsiku. Namwino wina wachitsikana, dzina lake Pauline, anamuveka magalasi n'kumupatsa kakhadi ka zilembo.

“Amayi, kuwerenga mumatha? Ngati simutha musadandaule, tili ndi ka zithunzi.”

Deliwe anayang'ana kakhadiko. Mizere yonse inaoneka bwino, mpaka wotsiriza, waung'onong'ono kwambiri.

“Bweretsani ka zithunziko,” anatero.

Analoza nkhuku, analoza nyumba, analoza njinga. Namwinoyo anamuyamikira kuti wachita bwino, anamuikira magalasi m'kathumba ka nsalu, n'kuitana wotsatira. Deliwe anabwerera kumsika. Magalasiwo amawavala posankha timiyala mu mpunga, ndipo ogula amati mpunga wake ndi woyera kuposa wa ena onse pamzerewo.